Kuseri kwa Bwalo la Gule

Mumzinda wa Paris, ku France, munali mmisiri wojambula zithunzi ndi utoto, dzina lake Edgar Degas, amene anabadwa m'chaka cha 1834 namwalira mu 1917. Iye anali wa gulu la amisiri lotchedwa Impressionists, limene linaonetsa ntchito zake koyamba mu 1874. Anzake, monga Claude Monet, ankapita kumtsinje kukajambula kunyezimira kwa dzuwa pamadzi; koma Degas ankalowa m'nyumba ya magule yotchedwa Opéra, mmene atsikana ankavina gule wa Azungu wa ballet, wovina chonyang'ama pa nsonga za zala zakumapazi. Zithunzi zake za ovinawa zipitirira 1,000.

Chodabwitsa ndi ichi, kuti kawirikawiri sanawajambule pabwalo pamene khamu likuomba m'manja. Anawalondola kuseri kwa chinsalu chotchinga ndi m'zipinda zophunziriramo. M'menemo wina wawerama kumanga zingwe za nsapato, wina wakhala pa benchi atagwira kakolo, wina akudzikanda kumsana, pamene mphunzitsi wokalamba, Jules Perrot, watsamira ndodo yake yaitali. Ambiri a atsikanawo anali ana a amphawi, ndipo anthu ankawatcha makoswe ang'onoang'ono. Pa zithunzi zina, cha m'mphepete, paimirira mwamuna wa suti yakuda, nkhope yake itabisika. Ameneyo ndiye mmodzi wa olemera olipira mipando ya chaka chonse, amene ankaloledwa kulowa kuseri. Ndipo sikuti onse ankatsata gule.

Mu 1881 Degas anaonetsa chifanizo cha phula cha mtsikana wa zaka 14, Marie van Goethem, mwana wa mayi wochapa zovala za anthu. Anachiveka siketi ya nsalu yeniyeni ndi tsitsi lenileni. Ena oonera ananyansidwa nati nchosakongola, pakuti anazolowera kuona wovina ngati mbalame, osati ngati mwana wa munthu wogwira ntchito yowawa. Chaka chotsatira Marie anachotsedwa ku Opéra chifukwa cha kujomba.

Omvera a ku mapulazi a Mashonaland sasowa wowauza kuti wovina ndi wantchito akhoza kukhala munthu mmodzi. Amuna ochokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete, ena pansi, ena pa malole a Ulere, anadza ku Southern Rhodesia kudzalima fodya wa Azungu, ndipo m'mitima mwao ananyamula Gule Wamkulu. Masiku asanu ndi limodzi anali a khasu, a mabani otentha ndi a mawu a kapitawo. Lamulungu, kapena pa maliro a mnzawo wofera kutali ndi kwawo, ng'oma zinkalira m'komboni, zilombo nkutuluka m'tchire fumbi lili koboo.

Tsono nawonso mapulaziwo anabala amisiri. Mu 1966, malonda a fodya atavuta chifukwa maiko anakana kugula katundu wa boma la Ian Smith, mlimi wina, Tom Blomefield, wa pulazi la Tengenenge pafupi ndi Sipolilo, imene lero itchedwa Guruve, anayamba kusema miyala pamodzi ndi antchito ake. Amene anamsonyeza mwala wosemeka m'mapiri a komweko anali Crispen Chakanyuka. Pakati pa osemawo panali Lemon Moses ndi Josiah Manzi, a mtundu wochokera ku Malawi, ndi Fanizani Akuda, wobadwira ku Northern Rhodesia mu 1932. Ntchito za m'dzikomo zinatchuka kunja ndi dzina la Ashona, monga zinaonetsedwera ku Musée Rodin, mu Paris momwemo, mu 1971. Koma manja ambiri a ku Tengenenge anali a Achewa ndi Ayao, ndipo dzinalo linawaphimba.

Anthu ameneŵa anasema nkhope, nyama ndi mizimu, ndipo wozolowera zigoba za nyau amazindikira chibale pa nkhope zina. Koma chimene Degas anachita, mmisiri wolowa gule sakadachichita. Kuseri kwa Gule Wamkulu ndiko kudambwe, ndipo za kudambwe sizikambidwa pabwalo. Ku Paris chitseko cha kuseri chinkatseguka ndi ndalama, wolowayo nkumayang'ana monga afunira. Kudambwe amalowako wogula njira, ndipo pogula njirayo amagulanso udindo wotseka pakamwa. Atsikana a Degas analibe mpanda wotere, ndipo luso lake lonselo silinawateteze, linangosunga umboni. Wa ku pulazi, amene dzina lake linali m'buku la kapitawo ndi phoso lake loyezedwa ndi chitini, anali ndi malo amodzi amene mwini pulazi sakadapondamo popanda chilolezo.

Kuyambira mu 2000, mapulazi ambiri atalandidwa ndi kugaŵidwa, antchito zikwizikwi anabalalika, ambiri a iwo adzukulu a matchona opanda mudzi wobwererako. Gule anawatsata ku migodi ndi m'makomboni a m'tauni. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu pakati pa chuma cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia. Dzina la Zimbabwe silinalembedwepo.