Besi Yopanda Mutu: Mmene Gitala ya Kutsogolo Inasandukila Katundu Wakale

Ngati mumakonda kutamba mavidiyo a nyimbo za m'ma 1980 pa YouTube, muyenela kuti munaionapo. Woliza besi wanyamula kanthu kakuda, ka thupi laling'ono monga njelwa, khosi lalitali, ndipo kumapeto kwa khosi kumene munazolowela kuona mutu na makiyi ocunila kulibe ciliconse. Khosi langothela pamenepo monga analidula na sowo. Azungu ena anali kuicha nkhafi ya bwato. Kuno kwathu sembe tinaicha mthiko. Dzina lake ni Steinberger.

Amene anaipanga, Ned Steinberger, sanali woimba. Anabadwa mu 1948 ku America, anaphunzila zosema-sema, ndipo nchito yake inali yopanga mipando na makabati. Atate ake, a Jack Steinberger, anali wasayansi amene anadzalandila mphoto ya Nobel mu 1988. Capakati pa ma 1970, Ned anali kusewenzela m'shopu imodzi ya akalipentala ku Brooklyn mu New York pamodzi na Stuart Spector, amene anali kupanga magitala. Ned anamujambulila Spector besi, ndipo mu 1977 kunatuluka NS-1, besi ya thupi lopindika kuti izikhala bwino pamimba pa woliza. Munthu wopanga mipando amayamba na funso lakuti thupi la munthu lidzamva bwanji, ndipo funso limenelo n'limene anabwela nalo ku magitala.

Cimene cinali kum'vutitsa maganizo ni ici. Khosi la besi n'lalitali, ndipo kunsonga kwake kuli makiyi anayi acitsulo olema. Mukasiya kugwila khosi, limagwela pansi, cakuti dzanja lamanzele limagwila nchito ziwili, kuliza na kunyamula. Opanga magitala anali kuthetsa vutoli mwa kukulitsa thupi kuti lilemele mbali inayo. Ned anaona kuti cosavuta ni kucotsa mutuwo na kutenga makiyi kuwaika kumunsi kwa thupi, kumbuyo kwa bridge. Mutu ukacoka, thupi lalikulu silifunikanso.

Besi yake yoyamba yopanda mutu inali yamtengo, ndipo siinamveke bwino. Ataikuta na fibreglass kuti ilimbe, mau anasintha, ndipo apa m'pamene anazindikila kuti nkhani yagona pa kulimba kwa khosi. Khosi lamtengo limanjenjemela pamodzi na nthambo, ndipo pa manoti ena limaba mphamvu ya nthamboyo. Aliyense amene analizapo besi ya mtundu wa Fender adziwa malo aja pa nthambo ya G, capakati pa fret ya 5 na ya 7, pamene noti imafa msanga ngakhale muikanikize bwanji. Mothandizidwa na Bob Young, katswili wa zamapulasitiki, Ned anayamba kuumba besi m'cikombole, monga mmene timaumbila njelwa, koma m'malo mwa dothi anali kusewenzetsa ulusi wa kaboni na wa galasi wosakaniza na utomoni wa epoxy. Khosi na thupi zinali kutuluka zili cinthu cimodzi. Pamwamba anali kumangapo civundikilo na masikuluwu, ndipo pa civundikiloco m'pamene panali ma pickup a EMG oyendela batile ya mavoti 9.

Anaionetsa pa cionetselo ca NAMM mu 1979. Colinga cake cinali cakuti kampani ina yaikulu igule pulani yake, koma palibe inafuna. Conco mu 1980 iye na anzake ocepa anatsegula kampani yao, Steinberger Sound, n'kuyamba kugulitsa besi yochedwa L2. Caka cotsatila, magazini ya Time inaiika pa mndandanda wa zinthu zopangidwa mwaluso kwambili m'caka ca 1981.

Kucoka apo inafalikila mwamsanga. Sting wa The Police anaisewenzetsa, cimodzi-modzi Bill Wyman wa Rolling Stones, Tony Levin, Jamaaladeen Tacuma wa jazi, na Geddy Lee wa Rush panthawi ya Grace Under Pressure mu 1984. Okonda rege angadabwe kumva kuti Robbie Shakespeare nayenso anali kuiliza, cifukwa anthu ambili amaganiza kuti gitala ya pulasitiki siingatulutse mau olemela a pansi. Cimene oliza anali kukonda ni cakuti manoti onse, kucokela pansi mpaka pa fret ya 24, anali kumveka mofanana. Siinali kutaya cuni wamba-wamba cifukwa makiyi ake amakoka nthambo molunjika, osaikulunga, ndipo palibe mutu woti ugunde ku citseko n'kupotoza kiyi. Kutalika kwake konse sikukwana mita imodzi ngakhale kuti nthambo zake n'zotalika monga za Fender, mainchesi 34. Koma musanamizike na kucepa kwake. Imalema pafupi-fupi makilo 4, monga besi ina iliyonse.

Palinso nkhani ya nyengo, imene ise tingaimvetse bwino kupambana a ku New York. Mtengo umauma m'kutentha kwa October ndipo umafufuma mvula ikayamba, cakuti khosi la gitala limapindika pang'ono-pang'ono. N'cifukwa cake m'kati mwa khosi lamtengo amaikamo kacitsulo kochedwa truss rod kakuti muzikamanga kapena kukamasula. Steinberger inalibe kacitsulo kameneka. Ned anaona kuti khosi la kaboni silimva dzuwa kapena mvula, ndiye kanalibe nchito. Sungani mfundo iyi, tidzaibwelelanso.

Ku England nako kunali munthu wa maganizo ofanana. Mu 1981 Rob Green anayambitsa Status, imene inali kupanga mabesi opanda mutu a khosi la kaboni, koma ambili a iwo anali na thupi looneka monga gitala yazoona, lokhala na matabwa okongola m'mbali. Mark King wa Level 42 ni amene anadzachukitsa kwambili dzinali. Makampani monga Hohner na Cort anagula cilolezo ca makiyi a Steinberger n'kuyamba kupanga mabesi ochipa ooneka cimodzi-modzi, koma amtengo. Awa ni amene anafika m'manja mwa anthu wamba m'maiko ambili.

Kupanga besi yeniyeni ya kaboni kunali kocedwa komanso kodula, ndipo fakitale yao ya ku Newburgh mu New York siinali kukwanitsa kupanga zokwanila onse ofuna. Mu 1987 Ned anagulitsa kampani kwa Gibson. Posapita nthawi, mphepo inatembenuka. Pamene Nirvana na magulu ena a grunge anachuka ca mu 1991, acinyamata anayamba kufuna magitala akale a Fender okhala na zipsela, ndipo ciliconse cokumbutsa ma 1980 cinayamba kuseketsa. Vuto la cinthu cimene aliyense amacicha "ca kutsogolo" n'lakuti cimamamatila ku zaka zimene cinachuka. Gibson inasamutsila nchitoyo ku Nashville, ndipo ma 1990 asanathe, kupanga mabesi oumbidwa m'cikombole kunaima. Dzina linapitiliza, maka-maka pa mabesi a Spirit, amene ni amtengo ndipo amapangidwa ku Asia.

Cakuti lelo ma L2 na ma XL2, amene analowa m'malo mwa L2 ca mu 1984, ali na ciwelengelo cimene sicidzakwelanso. Amene alipo ni omwewo, ndipo onse apitilila zaka 25. Apa m'pamene pagona mkangano wa eni ake.

Tiyambe na nthambo. Steinberger imafuna nthambo za mipila iwili, kamphila kamodzi kokola kumapeto kwa khosi, kena kolowa m'kiyi. Kusintha nthambo kumatenga mphindi zocepa cabe, popanda pulayala. Makampani monga La Bella, imene nayonso ili ku Newburgh, akali kuzipanga, koma mitundu yake ni yocepa ndipo musayembekezele kuzipeza m'shopu iliyonse ya zoimbila. Ambili amagula ka adapter komangilila kumapeto kwa khosi kamene kamapana nthambo wamba. Uku ni kusintha kumene palibe amadandaula nako, cifukwa mukamasula, besi ibwelela mmene inalili.

Ma pickup ni nkhani ina. Woliza angafune mau ena, mwina ofewa, mwina a masiku ano. Pa besi yamtengo mungatenge cizulo n'kukulitsa dzenje, ndipo kalipentala wabwino angalitsekenso tsiku lina. Pa Steinberger, civundikilo ca pamwamba mukaciboola, caboweka mpaka kale-kale. Eni ake anzelu amamasula coyambililaco pamodzi na ma EMG ake, n'kucisunga m'kabati, kenako amapangitsa cina cakuti aziboola mmene afunila. Kwa ine iyi ni njila yabwino koposa, ndipo ni mwayi umene magitala ena akale sapatsa. Munthu amene ali na Fender ya 1962 alibe nkhope yacibili yakuti aziseweletsa.

Covuta ngako ni khosi. Ma fret amatha, ndipo tsiku lina amafunika atsopano. Koma thabwa limene akhalapo si mtengo, ni pulasitiki yolimba ya phenolic, imene imabenthuka pozula ma fret ndipo siigwila atsopano mmene mtengo umagwilila. Okonza magitala ambili amaikana nchitoyi. Ndiye kumbukilani kuti truss rod mulibe. Ngati khosi linatuluka m'cikombole lopindika kupitilila mmene dzanja lanu lifunila, kapena ngati lasunthako pang'ono pambuyo pa zaka zambili likukokedwa na nthambo, palibe sikuluwu yakuti mupotoze. Njila yokha ni kupala ma fret kapena thabwalo, ndipo zimene mwapala sizibwelela. Cimene cinali kugulitsa besi imeneyi mu 1981 n'cimene cimasowetsa tulo mwini wake lelo.

Tunthu tung'ono-tung'ono natonso tumavuta. Kumbuyo kwa besi kuli kambale kozungulila komangilapo lamba, kamene kamacititsa kuti gitala ilendewele bwino pa thupi, ndipo pansi pali kamwendo kopinda kotsamila pa nchafu mukakhala pansi. Tumeneti tumasowa kapena kuthyoka, ndipo besi imene ilibe tumeneti imatsika mtengo.

Osonkhanitsa amayang'ana zinthu zimene woliza pa siteji sangaziganizile n'komwe. L2 yoyambilila imadziwika na masikuluwu a civundikilo amene amaonekela kutsogolo, pamene pa XL2 anawaika kumbuyo. Zambili zinali zakuda, conco zoyela zimafunidwa kwambili, ngakhale kuti kuyelako kumasanduka cikasu m'kupita kwa zaka. Pali za nthambo zisanu zimene anazipanikiza pa khosi la nthambo zinayi, zovuta kuliza koma zosowa. Pali zina zokhala na kacitsulo kotsitsa nthambo ya E kufika pa D, na zina zocepa kwambili zokhala na TransTrem, makina amene anatuluka coyamba pa magitala mu 1984, otsitsa kapena kukweza nthambo zonse pamodzi popanda kusokoneza cuni. Ine sinitsutsa munthu wosunga zinthu izi bwino, pakuti popanda iye zambili sembe zinaonongeka m'zaka zimene zinali kusekedwa. Koma cimanimvetsa cisoni kuona besi imene inapangidwa kuti ipilile ndeke, dzuwa na mvula ikukhala m'bokosi kuopa kukalika.

Mukaona "Steinberger" ikugulitsidwa pa Facebook pa mtengo wokoma, yang'anani bwino. Ngati ili na pomangila truss rod, kapena ngati pamene penti yasupuka paoneka mtengo, imeneyo si L2 kapena XL2, ndipo mwina ni Spirit, Hohner kapena ina yotengela. Si zoipa, ndipo kwa munthu amene akwela minibasi na gitala kupita ku pulakatisi, kucepa kwake n'kothandiza. Koma musalipile ndalama za kaboni pa thabwa.

Mabesi opanda mutu anabwelanso. Ola Strandberg wa ku Sweden anachukitsanso magitala otele pakati pa oimba acinyamata, ndipo mu 2020 Ibanez inatulutsa mabesi a EHB. Ambili mwa atsopanowa ni amtengo, ali na truss rod, ndipo amalandila nthambo wamba. Ned nayenso, amene anatsegula kampani ina yochedwa NS Design mu 1990, anadzapanga besi yopanda mutu yochedwa Radius. Makiyi ake ali kumunsi monga kale, koma thupi na khosi n'zamtengo, ndipo nthambo zake ni zija za kamphila kamodzi zimene mungagule paliponse.