Munda wa agogo sunkagona wamaliseche

Inu adzukulu anga, mukaona alangizi akuyenda m'minda ya kuno ku Chinguluwe akulalikira za mbewu zophimba nthaka, musamayese ndi nzeru yadzana. Ife tinabadwa tikuipeza.

Agogo anga aakazi akamabzala, m'lichero mwao simunkakhala chimanga chokha. Munkasakanizika nthanga za maungu, khobwe, nkhaka, mavwende ndi mphonda. Mvula ikangogwa mu Disembala, zonse zinkamera limodzi. Tinkapalira kamodzi mbewu zili zanthete, kenako maungu ankayala mitawi yake, khobwe n'kutseka mipata yotsala. Pofika Febuluwale dothi silinkaoneka. Chisoso ndi khovani zikamera pansi pa masamba otambalala aja zinkasowa dzuwa, n'kumangonyozoloka. Tikalowa m'munda nthawi imeneyo sitinkanyamula khasu koma dengu, kukathyola nkhwani ndi chitambe. Chimene chinkapha udzu n'chomwecho chinkatipatsa ndiwo, ndipo nyengo ya njala, chimanga chisanakhwime, maungu ndiwo ankatisunga. Minda yabwino koposa inali ya patsinde pa misangu, mitengo imene imayoyola masamba dzinja n'kusiyira mbewu dzuwa ndi chonde.

Zinayamba kusintha ndi boma la atsamunda. Itatha njala ya 1949, lamulo la mizere linalimba, ndipo okana ankalipitsidwa chindapusa. Titalandira ufulu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, kunabwera chitukuko cha m'mbali mwa nyanja chothandizidwa ndi dziko la Germany, ndipo kuno kunatsegulidwa sikimu ya thonje. Thonje linkafuna munda wakewake, wopalira mbee, wopoperamo mankhwala. Chimanga cha haibulidi nachonso anati chizikhala chokha, ndi feteleza. Munda wosakaniza ankautcha wauve. Ndalama za ku ADMARC tinazidya ndithu, malata ndi njinga tinagula, sindinganame. Koma khasu linachuluka ntchito: kupalira, kubwereza, kubandira, msana uli gwaa padzuwa la kunyanja kuno. Nthaka itaguga, feteleza atakwera mtengo, kaufiti anafiiritsa minda.

M'zaka za m'ma 2000 a bungwe la Total LandCare anabwera ndi ulimi wa mtayakhasu: osagalauza dothi, kuphimbira ndi mapesi, kubzala khobwe kapena nandolo pakati pa chimanga. Ena anayamba kutchulanso kalongonda, nyemba ija yotawa mwamphamvu, imene imafooketsa ngakhale udzu wouma mutu ngati nsongole, n'kusiya nthaka yakuda ndi yofewa. Ife okalamba tinangomwetulira.

Koma mverani, pakuti nzeru imeneyi ili ndi malamulo ake. Kalongonda musamubzale tsiku limodzi ndi chimanga, angachikwere n'kuchigwetsa. Dikirani chimanga chifike m'mawondo, kapena mumpatse yekha munda wotopa kwa chaka chathunthu. Nyemba zake musadye mwaphuma, zimaledzeretsa: amaziphika tsiku lonse, kutaya madzi kangapo. Kupalira koyamba musakuzembe, chifukwa mbewu yophimba imagonjetsa udzu pokhapokha itayamba kuutsogolera. Ndipo musanakolole, pitani kwa amfumu mukagwirizane za mbuzi ndi ng'ombe zongotayirira, ndiponso za anyamata otentha tchire posaka mbewa. Moto wa madzulo amodzi umatha zimene munda wasonkhanitsa dzinja lonse, ndiye nkhani imeneyi mukaiyambe pabwalo mapesi asanaume.