Kadyetsedwe ka ana a nkhumba pa nthawi yowasiyitsa kuyamwa

Ana a nkhumba ambiri amafa pa nthawi ziwiri: sabata yoyamba atabadwa, ndi masabata awiri oyamba atasiya kuyamwa. Pa nthawi yachiwiriyi vuto lalikulu limayambira m'mimba. Kuno ku Lichinga vutoli limakula chifukwa mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,300, ndipo mu June ndi July usiku kumazizira kwambiri.

Mkaka woyamba

Kamwana ka nkhumba kamabadwa kopanda chitetezo ku matenda. Chitetezocho kamachipeza mu mkaka woyamba wachikasu, koma matumbo ake amachilandira bwino m'maola 6 oyamba, ndipo pakatha tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka amaleka. Choncho mlimi aonetsetse kuti kalikonse kayamwa tsiku lobadwa, makamaka tofooka timene timakankhidwa ndi tinzake.

Sabata yoyamba ana amafuna kutentha kwa madigiri 30 mpaka 32. Kamwana kozizidwa sikayamwa mokwanira. Kabokosi koyalamo udzu wouma pakona ya khola, kotchinga mphepo, kamathandiza.

Mkaka wa nkhumba uli ndi ayironi wochepa. Ana oleredwa m'khola la simenti amasowa magazi ngati sabayidwa jakisoni wa ayironi pa tsiku lachitatu.

Kuzolowetsa chakudya

Mkaka wa mayi umafika pachimake sabata yachitatu, kenako umayamba kuchepa pamene ana akukula. N'chifukwa chake chakudya chapadera chimayambika ana ali ndi masabata awiri, pang'onopang'ono, pamalo pamene mayi sangafikepo. Matumbo amaphunzira kugaya chimanga ndi soya mkaka ukadalipo.

Gaga yekha sakwanira. Chakudya cha ana chimafunika mapuloteni okwana magawo 18 mpaka 20 pa 100 alionse. Alimi amasakaniza mgaiwa, soya ndi ufa wa usipa wa ku nyanja ya Niassa. Soya ayambe wakazingidwa kapena kuphikidwa, chifukwa wamuwisi amasokoneza kagayidwe ka chakudya. Gaga kapena chimanga cha chuku n'choopsa, chitayidwe.

Tsiku losiyitsa kuyamwa

Mafamu akuluakulu amasiyitsa ana ali ndi masabata 3 kapena 4, chifukwa ali ndi chakudya cha kufakitale ndi makola otentha. Kwa mlimi wa kumudzi ndi bwino kudikira masabata 6 mpaka 8.

Wochoka m'khola akhale mayi, ana atsale pamalo pamene anazolowera. Chakudya chisasinthidwe sabata imeneyo, ndipo chiziperekedwa chochepa koma kangapo patsiku. Madzi aukhondo asasowe. Kufula ndi kusakaniza ana a nkhumba zosiyana kuchitike nthawi ina.

Chifukwa chake n'chakuti kamwana kosiyitsidwa mwadzidzidzi kamatha tsiku kapena masiku awiri kosadya. Khungu la m'kati mwa matumbo limene limayamwa chakudya limafota. Kakadzadya mwaphuma, chakudya chosagayika chimadyetsa tizilombo totchedwa E. coli, ndipo kutsegula m'mimba kumayamba.

Zizindikiro ndi chochita

Ndowe zamadzi, matako onyowa, maso olowa m'kati, ubweya wonyankhalala ndi kuunjikana pakona ndi zizindikiro zoti zinthu sizili bwino. Chimene chimapha msanga ndi kutha kwa madzi m'thupi. Odwala apatulidwe pamalo otentha ndi ouma, ndipo amwetsedwe madzi okwana lita imodzi osungunuliramo masupuni 6 aang'ono a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere.

Mankhwala ophera tizilombo asagulidwe mongoganizira, chifukwa akagwiritsidwa ntchito molakwika tizilombo timasiya kuwamva. Mlimi afunse alangizi a ziweto ku ofesi ya SDAE ya m'boma lake.

Ngati nkhumba zazikulu nazonso zikutentha thupi, kufiira makutu ndi kufa motsatizana, icho chikhoza kukhala chigodola, chimene chilibe mankhwala. Zikatero nkhumba kapena nyama yake isatuluke pakhomo, ndipo akuluakulu a za ziweto adziwitsidwe tsiku lomwelo.