Zikho 11 za m'fumbi: mbiri ya banja la a Singh pa mpikisano wa galimoto

Mu 1988 dalaivala wa ku Lusaka, a Satwant Singh, anatenga chikho cha African Rally Championship, mpikisano waukulu wa galimoto muno mu Africa. Chaka chotsatira anachitenganso. Anabwereza mu 1991 ndi 1993, kenaka zaka zitatu zondondozana kuyambira 1996 mpaka 1998, n'kudzatsiriza mu 2000. Zonse pamodzi ndi zikho 8, ndipo chiyambire mpikisanowu mu 1981 palibe wina amene wayandikirako. Zimandiwawa kuti achinyamata athu ambiri okonda zamagalimoto amadziwa Lewis Hamilton, koma sanamvepo za katswiri wa ku Zambia, dziko loyandikana ndi lathu, wochokera mumzinda umene pamsika amalankhula Chinyanja.

Mpikisano wa rally suchitikira pabwalo la phula losalala. Galimoto zimanyamuka imodziimodzi, motalikirana mphindi zochepa, ndipo aliyense amalimbana ndi wotchi pamisewu yafumbi imene yatsekedwa tsikulo. Mkatimo mumakhala anthu awiri. Wina wagwira chiwongolero, mnzake wagwira kabuku kamene analemba poyendera msewuwo mpikisano usanayambe: kona yakumanja yothina, dzenje pakati, mlatho wopapatiza pakangotha mamita 100. Amawerenga mofuula, dalaivala n'kumaponda mafuta pamalo pamene maso ake sanafikepo. Tayala likaphulika kutchire amatsika okha ndi jeke, wotchi ikuwerengabe. Akafika pokonzera, amakaniko amapatsidwa mphindi zowerengeka kuti asinthe chilichonse chothyoka.

Munthu wa kuno ku Bangula sangavutike kumvetsa zimenezi. Madalaivala amene ankayenda msewu wa ku Nsanje phula lisanafike, ndi amene amayenda tsidya lija la Shire kudzera ku Muona ndi Makhanga, amadziwa kuti mchenga umakoka chiwongolero, kuti dothi la makande likanyowa galimoto imangoterereka, ndi kuti mtsinje umene unali wouma m'mawa ukhoza kutseka njira madzulo. Madzi osefukira a mu 1997 atadula msewu ndi njanji pa Mtayamoyo, pakati pa Bangula ndi Chiromo, anasonyeza kuti msewu wa kuno sulonjeza kanthu. Luso lowerenga dothi lotere ndi limene limapambanitsa pa rally, kuposa mphamvu ya injini.

A Satwant sanayambe okha njirayi. Ku East Africa mpikisano wa Safari unayamba mu 1953, ndipo a Joginder Singh a ku Kenya anaupambana mu 1965, 1974 ndi 1976. A Shekhar Mehta, obadwira ku Uganda, anaupambana kasanu, mu 1973 kenaka kuyambira 1979 mpaka 1982, ndipo ndi iwo amene anayamba kutenga chikho cha Africa mu 1981. Anamwalira mu 2006. Chimene a Satwant anachita ndi kukokera ulemuwo kummwera kuno n'kuusunga zaka zoposa khumi, akupikisana m'maiko osiyanasiyana, dziko lililonse ndi dothi lake.

Amene anadukiza mndandanda wawo mu 1999 anali a Charles Muhangi a ku Uganda, mwini kampani ya mabasi, pa Subaru Impreza. Chaka chotsatira a Satwant anachilandanso chikhocho.

Iwo atapuma, dzina silinachoke pamsewu. A Muna Singh, a m'banja lomwelo, anapambana mu 2004 ndi 2005, nawonso pa Subaru Impreza. Apa pali dzina lina limene olemba mbiri amakonda kulilumpha: a David Sihoka, amene ankakhala pampando wapambali n'kumawawerengera msewu a Muna. Chithunzi cha m'nyuzipepala chimatsata wogwira chiwongolero, koma wowerenga akangolumpha mzere umodzi m'kabukuko, onse awiri amakathera mumtengo. Ine ndimaona kuti zikho ziwirizo ndi zawonso mofanana.

Mu 2013 Jassy Singh, mwana wa a Muna, anatenga chikho chomwecho akadali mnyamata, chaka chimodzi a Mohammed Essa, a ku Zambia komweko, atachitenga. Zikho za banja limodzi zinakwana 11. Si zamwayi ayi. Masewerawa amadya ndalama zambiri: matayala, mafuta, zipangizo, lole yonyamula galimoto kupita ku Uganda kapena Rwanda. Mwana amene wakulira pakati pa masipanala ndi majeke amapeza zonsezi zilipo kale, pamodzi ndi akuluakulu omulangiza. N'chifukwa chake mayina a akatswiri a rally amabwerezabwereza m'mabanja omwewo, monganso a Rautenbach ku Zimbabwe, kumene Conrad anapambana mu 2007 ndi 2011. Mnyamata waluso wa pa Bangula amene amayendetsa minibasi ya eni ake alibe poyambira potero, ndipo chomulepheretsa ndi ndalama.

Zambia inatenganso chikhochi mu 2022 kudzera mwa a Leroy Gomes. Wowawerengera msewu chaka chonsecho anali akazi awo, mayi Urshlla Gomes.