Linga la Mankhambira ndi Mtendere wa ku Bandawe

Munthu woyenda m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Kande kunka ku Chintheche amadutsa pa Bandawe, pamene pali chitunda cha Makuzi ndi manda a amishoni oyamba. Dzikoli ndi la Atonga, anthu a ngalawa, makoka ndi minda ya chinangwa. Pakati pa chaka cha 1875 ndi cha 1887 anthu ameneŵa anakhala pa nkhondo ndi Angoni a M'mbelwa, ndipo atsogoleri aŵiri a m'deralo, Mankhambira ndi Dr Robert Laws, anakumana ndi funso limodzi lovuta: kodi munthu wothaŵa adani akafika pakhomo, mwini khomo amtchinjirize kufikira pati, pamene kumtchinjiriza kuitanira nkhondo pa anthu ena?

Angoni anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, nayenda kufikira dziko la Ufipa, kumene mfumuyo inafera. Mtundu utagaŵikana, mwana wake M'mbelwa anabwerera kumwera ndi khamu lalikulu, nakhazikika m'dziko la Atumbuka cha m'ma 1855. Mwambo wa Angoni sunali wa kupha onse ogonja. Akathyola mudzi ankatenga akazi ndi ana, ndipo anyamata ankaŵalera m'magulu ao a nkhondo, naŵaphunzitsa kugwira chishango cha chikopa cha ng'ombe ndi mkondo waufupi wobayira pafupi. Mwa njira imeneyi Atonga ambiri anakulira kumapiri, makamaka m'midzi ya nduna Chiputula Nhlane, kufupi ndi kumene kuli mzinda wa Mzuzu. Ankayankhula Chingoni ndi kumenya nkhondo za Angoni, koma sanaiŵale kuti kwao ndi kunyanja.

Chiputula atamwalira, cha m'ma 1875, Atongawo anagalukira ambuye ao, nathaŵira kunyanja pamodzi ndi akazi ndi ana. Ambiri a iwo analunjika ku linga la Mankhambira, pafupi ndi pamene mtsinje wa Chintheche umathira m'nyanja. Apa ndi pamene utsogoleri wa mfumuyo unayesedwa. Kwa Angoni anthu ndiwo anali chuma choposa ng'ombe, ndipo panalibe chikaiko kuti adzalondola othaŵawo. Mankhambira akanaŵabweza, akanagula mtendere wa kanthaŵi popereka abale ake ku imfa kapena ku ukapolo woŵaŵa koposa woyamba. Poŵalandira anaika pa moto anthu ake omwe, amene sanagalukire munthu aliyense. Iye anasankha kutsegula chipata, ndipo nkhondo inadzadi.

Komabe kusankha kumeneku sikunali kwa chifundo chokha, munalinso nzeru ya nkhondo. Obwerawo anali anyamata odziŵa mayendedwe onse a Angoni: nthaŵi imene amakonda kuthira nkhondo, mmene amazingira mudzi, ndi pamene mphamvu yao imathera. Mkondo waufupi umaopsa pa dambo loyera pamene adani ayang'anizana maso ndi maso, koma pamaso pa linga la mitengo, lozingidwa ndi madzi ndi matope, mwini mkondo ayenera kufika pafupi asanapweteke munthu, ndipo am'kati amamlasa akali patali ndi mivi ndi mfuti zochepa zimene anali nazo. Gulu la Angoni litafika ku Chintheche linakanika kuloŵa, linabwezedwa, ndipo ambiri anafera pa mtsinjewo. Mtundu umene unaopsa dziko lonse la kumpoto unagonja kwa anthu amene unkaŵayesa akapolo ake.

Mbiri ya kupambanaku inalimbitsa mtima mitundu ina. Atumbuka a Baza Dokowe nawonso anagaluka, koma m'chaka cha 1880 Angoni anaŵazinga pa phiri la Hora, kumene ludzu ndi njala zinaŵafooketsa, ndipo anaphedwa ochuluka. Kulimba mtima kwa pa Hora sikunachepe poyerekeza ndi kwa ku Chintheche. Chosiyana chinali malo: Atonga anali ndi nyanja kumbuyo kwao, yoŵapatsa madzi, nsomba ndi njira yothaŵira, pamene phiri linasanduka msampha. Mtsogoleri amayesedwa ndi malo amene wasankha kuimikapo anthu ake asanaponye mkondo ndi umodzi womwe.

Atonga anapeza ufulu, koma mtendere sanaupeze. Angoni analeka kuthira nkhondo pa malinga, nayamba kutsika m'timagulu tating'ono, kubisalira akazi opita ku minda ndi kutunga madzi. Anthu zikwi anapanikizana m'malinga a Mankhambira, Kang'oma ndi Marenga, mmene njala ndi nthenda zinapha ena amene mkondo unaŵasiya. Ndiponso Atonga analibe mfumu imodzi yaikulu, kotero kuti linga lililonse linkadzionera lokha.

M'dziko lotere ndimo munafika amishoni a Livingstonia. Anayamba kuyesa malo ku Bandawe ndi ku Kaning'ina m'chaka cha 1878, ndipo mu 1881 Dr Laws anasamutsa likulu la mishoni kuchokera ku Cape Maclear kudza ku Bandawe. Mafumu a Atonga analandira alendoŵa ndi chiyembekezo chakuti apeza abwenzi a mfuti ndi onga, ndipo midzi inayamba kusendera kufupi ndi mishoni. Koma Laws anakana kupereka zida, nakananso kutsogolera nkhondo. Chifukwa china chinali chakuti m'chaka cha 1880 kunamveka mbiri yochititsa manyazi ya amishoni a ku Blantyre amene anadziyesa oweruza, nakwapula anthu ndi kupha mmodzi. Ndipo akulu a mpingo ku Scotland analamula kuti mishoni isakhale boma. Chifukwa chachiŵiri chinali chakuti Laws anaona kuti Bandawe sadzakhala pa mtendere pokhapokha Angoni eni ake atalola, ndipo munthu amene waŵaombera mfuti sangathenso kukhala nawo pa bwalo.

Kwa Mtonga amene mkazi wake waphedwa m'munda, yankho limeneli linali loŵaŵa: mzungu ali ndi mfuti m'nyumba, ndipo akulalikira za chikondi. Angoni nawonso sanakondwe. Anafunsa amishoni chifukwa chake anakhala pakati pa akapolo othaŵa m'malo mwa kukwera kwa eni ng'ombe, naŵaseka poŵafunsa ngati nsomba zimakamidwa mkaka. Kotero Laws anakaikiridwa mbali zonse ziŵiri.

Amene anatsegula njira ya kumapiri anali William Koyi, Mxhosa wophunzira ku Lovedale, amene anadza kunyanja kuno mu 1876. Chinenero chake chinali chofanana ndi Chingoni, ndipo ankadziŵa ulemu woyenera pamaso pa mfumu ndi nduna zake. Mu 1882 anakakhala ku Njuyu, pafupi ndi mudzi wa M'mbelwa, wopanda chida, pakati pa anyamata ofuna nkhondo amene akanatha kumupha tsiku lililonse. Analibe chilolezo cha kutsegula sukulu, koma anapirira, nakhala khutu ndi pakamwa pa mbali zonse ziŵiri. Dr Walter Elmslie anampeza kumeneko mu 1885, ndipo Koyi anamwalira mu 1886, chaka chimene Angoni analola sukulu.

Chiyeso chachikulu chinadza mu 1887. Angoni anafuna kuti amishoni achoke ku Bandawe ndi kukwera kumapiri, kuti nkhondo itsike pa Atonga popanda choletsa. Ku Njuyu Elmslie anakwirira mankhwala ake pansi pokonzekera kuthaŵa. Ku Bandawe kunali maganizo a kuchoka pa sitima ya Ilala, koma Atonga sanafune kumva zimenezo, podziŵa kuti alendowo akachoka midzi yao idzatha. M'mwezi wa October Laws anakwera kukakumana ndi M'mbelwa ndi nduna zake, ndipo atakambirana nthaŵi yaitali anamvana kuti mishoni ikhalebe ku Bandawe, midzi yoizungulira isathiridwe nkhondo, ndi kuti Angoni alandire aphunzitsi ena. Koma mlandu wao ndi anthu a ku Chintheche Angoni sanautaye, ndipo Laws analibe mphamvu ya kuufafaniza.

Pamenepa pali mfundo yofunika kuilingalira. Mtendere umene unapulumutsa Bandawe unasiya kunja anthu omwe aja amene mwazi wao unagula ufulu wa Atonga onse. Wina anganene kuti Laws anachita bwino kupulumutsa amene akanatha kuŵapulumutsa, pakuti kukana pangano kukanaphetsa onse. Wina angayankhe ndi mwambi wa makolo wakuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe, nanena kuti mtendere wa mudzi umodzi wokha ndi ngongole. Zimene zinatsata zinakomera Laws: nkhondo yaikulu sinatsikenso pa Bandawe, mishoni ya Ekwendeni inatsegulidwa m'dziko la Mtwalo mu 1889, M'mbelwa anamwalira mu 1891, ndipo mu 1904 Angoni a kumpoto analandira boma la Angerezi pa msonkhano ndi Alfred Sharpe popanda kukhetsa mwazi. Koma mu October 1887 panalibe munthu wodziŵa kuti zidzatero.

Mphunzitsi wofotokoza mbiri imeneyi adzakhala ndi adzukulu a Atonga, a Angoni ndi a Atumbuka pa benchi limodzi. Asaiphunzitse ngati nthano ya abwino ndi oipa, pakuti anyamata amene anapambana pa Chintheche anaphunzira nkhondo kwa Angoni, ndipo mtendere wa ku Bandawe sukanakhalapo M'mbelwa akanapanda kuletsa ankhondo ake. Aike pamaso pa ana chipata cha Mankhambira ndi bwalo la M'mbelwa, ndi kuŵafunsa chimene akanachita iwo, ndiponso ndani akanalipira mtengo wa kusankha kwaoko.