Kuwala kwa Mwala wa ku Meriting

Lero tikamba za Meriting, mudzi wa pafupi ndi Rustenburg ku South Africa, pakati pa migodi ya platinamu. M'Citswana dzinali litanthauza "pamithunzi," koma mwala wa kumeneko udziwika ndi kuwala kwace.

Cinthu ciri conse cibweza gawo la kuwala kumene cilandira. Nsaru yoyera ibweza kwambiri, khala libweza pang'ono. M'caka ca 1760 Johann Lambert anacha gawo lobwezedwalo albedo, mau a Cilatini onena kuyera. Masiku amenewo akatswiri analinga ndi maso okha, poyerekeza kuwala kuwiri kufikira kutafanana.

M'caka ca 1924 Hans Merensky anatsimikiza kuti m'dera la Lydenburg muli mzere wa mwala wa platinamu, ndipo m'caka cotsatira mzerewo unapezekanso ku Rustenburg. Bvuto linali lakuti m'tani imodzi ya mwala muli magalamu owerengeka okha a platinamu, timibulu tobisika pakati pa miyala yina. Cifukwa cace amadula kacidutswa, nakapukuta kufikira kasalala ngati kalirole, nakaunikira kucokera pamwamba pa maikulosikopu.

Koma diso limanyenga. M'caka ca 1927 Jean Orcel wa ku France anaika pa maikulosikopu kacipangizo kosandutsa kuwala kukhala magetsi. Wolinga ayamba ndi mwala umene kabwezedwe kace kadziwika kale, nayerekeza nawo mwala wacilendo. Mwa magawo 100 a kuwala, platinamu ibweza ngati 70, pyrite kupitirira 50, chromite ngati 13. Mmisiri akadziwa mwala wosunga platinamu, adziwanso kaperedwe ndi kalekanitsidwe kace; akaphonya, thukuta la okumba pansi, pamodzi ndi abale athu opita kukagwira nchito kumeneko, litayika pamulu wa zotsala.

Platinamu nayonso inatumikira olinga kuwala. Kuyambira 1948 kufikira 1979 muyeso wa kuwala wa dziko lonse, candela, unatengedwa pa kuwala koturuka m'kabowo kotentha monga platinamu yosungunuka pamene iyamba kuuma. Masiku ano makina a X-ray ndi a elekitironi asenza nchito yambiri ya m'migodi, koma wophunzira za miyala ayambabe ndi mwala wopukuta ndi nyali.