Malaya a kwa Dorika

Malaya anga oyamba a kolala sadachokere m'sitolo. Adatuluka m'bokosi lachitsulo lomwe linkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi china cha a Sabata kwathu kwa Nsabwe, m'boma la Thyolo. Chidali chaka cha 1992, ine ndili Sitandade 6. Tsiku lomwelo mayi anga adatuluka m'kachipindako atasenza chimanga chosadzaza ndowa ndi kalongonda womanga pa mpango, atazolika ngati aba.

Inu a m'tauni mukamadutsa pa basi kulowera ku Makwasa, n'kumaona tiyi ali biriwiri phiri lonse, mumafunsa kuti kodi kuno njala ingalowere pati. Tiyi saphikira nsima, abale. Ndipo kuti mumvetse chomwe chidawatengera mayi anga pakhomo la tchalitchi cha eni ake, tiyambire kutali pang'ono.

Makolo a agogo anga adali Alomwe ochokera ku Mozambique, othawa msonkho ndi chibalo cha Apwitikizi. Pofika kuno adapeza nthaka yabwino ya Thyolo ili kale m'manja mwa azungu, amene adapatsidwa zikalata za malo m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston. Wofuna kumanga pa esiteti ankalipira ndi thukuta lake. Ndiye thangata ameneyo. Wogwira ntchito ankalandira phoso: muyeso wa ufa, tinyemba ndi mchere. Kalaliki ankatsegula buku n'kumaitana maina, ndipo amene dzina lake silidamveke ankabwerera thumba lili pepuu. Thangata adathetsedwa ndi lamulo mu 1962, koma malo sadabwerere onse. Ambiri adatsala akulima timinda ta m'matsitso ngati ta kwathu, komwe khasu umalima utapendekeka. Chidatsalanso china, chizolowezi chakuti chakudya chimatsata dzina lolembedwa m'buku.

Njala ya 1949 idaonetsa poyera kuipa kwa chizolowezichi. Mvula idadula chimanga chisadakhwime, bwanamkubwa ali Geoffrey Colby. Megan Vaughan, amene adafufuza za njalayi m'midzi ya ku Lunzu n'kutulutsa buku mu 1987, adapeza kuti kagawidwe ka chakudya kankakomera amuna ndi anthu apantchito. Amuna ambiri adapita kokasuma, ena osabwerako, akazi n'kutsala ndi ana popanda wowalankhulira. Boma lidati omwalira adali cha m'ma 200. Agogo anga aakazi sankadziwa za chiwerengero chimenecho. Iwo ankakumbuka anthu a ku chigwa cha Shire akukwera phiri ndi mbiya, mphasa, ngakhale mbuzi, kudzasinthanitsa ndi makaka ndi nthochi zosapsa. Ankati wosuma ankabwera ndi kanthu m'manja kapena mphamvu za ganyu, choncho sankachita manyazi kwenikweni. Manyazi adabwera ndi mzere.

Mzerewo ine ndidauona ndekha mu 1992. Chilala chidagwira maiko onse a kumwera kwa Africa. Kamuzu Banda ankakonda kunena pa misonkhano kuti anthu ake ayenera kukhala ndi zinthu zitatu, chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha, kotero kuti kutchula njala mokweza kudali ngati kutsutsa mwini dziko. Pa 8 Marichi chaka chimenecho mabishopu a Katolika adatulutsa kalata yawo ija, yomwe mwa zina idadandaula za anthu obwezedwa pa msika ndi pa chipatala chifukwa chosowa khadi ya chipani. Mu Meyi sitiraka idabuka ku Blantyre n'kufalikira mpaka m'maesiteti a tiyi. Mwezi womwewo maiko otithandiza adakumana ku Paris n'kuimitsa thandizo la chitukuko, kusiyako la njala ndi la othawa nkhondo. Paja nthawiyo dziko lino linkasunga anthu a ku Mozambique okwana ngati miliyoni imodzi, ndipo ku Nsanje alendo adachuluka kuposa eni mudzi. Ndikukumbuka amalume akutsetsereka phiri kukagula ufa kwa othawa nkhondo amene adali ndi makadi olandirira. Taganizani, mwini dziko kukasuma kwa mlendo!

Kenaka chidafika chimanga chachikasu cha ku America chija. Adatiitanira pa bwalo, mkulu wina atakhala pa mpando, kaundula ali pa maondo. Mayi anga adaima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Dzina lawo silidamveke. Atafunsa, adauzidwa kuti bambo anga ali pantchito ku esiteti, ndiye ife sitili m'gulu la ovutika. Zoona, dzina la bambo lidali m'buku la kalaliki. Koma tiyi akasowa mvula saphukira, ndipo othyola masamba olembedwa kwa nyengo chabe adali atauzidwa kale kuti akadikire kunyumba. Bambo adali atalowera ku Limbe kukasaka ganyu, miyezi iwiri osamveka. Buku limodzi linkati tili pantchito, linalo n'kutikana pa chifukwa chomwecho. Zomwe Vaughan adalemba za 1949 ndidaziwerenga ndili mkulu, koma ndidazizindikira msanga ngati nkhope ya mbale wanga.

Ife sitidali a Sabata. Mayi anga adali a Mvano, ndipo a Sabata tinkangowaseka kuti sadya mlamba, samwa tiyi ngakhale amakhala pakati pa tiyi. Koma madzulo ena kudabwera mayi wina woyandikana naye minda. Adakhala pa mkeka, nafunsa za matenda, za mbuzi, za mvula, mpaka potsiriza adati, “Achemwali, utsi sindikuuona pakhomo pano masiku awiri. Mubwere Lachitatu kwa Dorika.”

“Ine si wa mpingo wanu,” adatero mayi.

“Mimba ya mwanayu ili ndi mpingo?”

Dorika ndi gulu la amayi a mpingo wa Seventh-day Adventist. Dzinali adalitenga kwa mayi wa ku Yopa wotchulidwa m'buku la Machitidwe, amene ankasokera zovala akazi amasiye. Gululi lidayambira ku Battle Creek, m'chigawo cha Michigan ku America, mu 1874. Mpingowo udafika m'boma lathu mu 1902 pomwe udagula malo a mishoni amene pambuyo pake adatchedwa Malamulo, pafupi ndi Makwasa. Joseph Booth ndi Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, ndiwo adayamba ntchito pamenepo, ndipo mpingo udafalikira m'mapiri mpaka ku Thekerani.

Kachipinda komwe tidalowako kadalibe chodabwitsa. Mudali matumba awiri a chimanga, lina loyera lina lachikasu, dengu la nandolo ndi kalongonda, mchere, sopo woduladula, ndi bokosi lija. Chimanga choyeracho sichidachokere kunja. Amayiwo ankasonkha mbale imodzi imodzi nthawi yokolola, ena n'kumakalima ganyu pagulu kuti ndalama zake agulire sopo ndi nsalu. Adali osauka ngati ife tomwe. Kope adali nalo, inde, koma ankalembamo zotuluka: ndowa zingati, malaya angati. Sadafunse za khadi. Sadafunse komwe kudali bambo. Ankadziwa kale, poti m'mudzi nkhani ya poto wosatereka siibisika.

Ndisanamizire kuti zonse zidali zokoma. Tidayamba taimirira kuti atipempherere, ndipo mayi anga adaona ngati pemphero lidatalika dala. Chimangacho chidatha pa sabata imodzi ndi theka. Tidapulumuka chaka chimenecho ndi nthochi zophika, gaga, ndi chimanga chachikasu chomwe tidadzalandira ulendo wachiwiri mfumu italowererapo. Matumba awiri sangadyetse dera lonse la Nsabwe, ndipo popanda sitima ndi malole obweretsa chimanga cha kunja maliro akadachuluka. Komabe olemba mbiri ya njala amawerenga matani a boma ndi a mabungwe chifukwa ali m'mafayilo. Mbale za amayi aja sizili m'fayilo iliyonse, chonsecho ndizo zinkagwira munthu pa masabata aja a pakati, dzina likadasowa m'kaundula.

Tsono malaya aja. Adali oyera, a mizere yobiriwira, aakulu pang'ono m'mapewa. Lolemba ndidawavala kusukulu ndikuyenda ngati kalaliki. Pa nthawi yopuma mnyamata wina wa kalasi ya patsogolo, mwana wa pabanja lopezako bwino, adandigwira kolala n'kuitembenuza. Mkati mudali zilembo ziwiri zosokedwa ndi ulusi wofiira. “Taonani, wavala malaya anga!” Anzanga adaseka mpaka ena kugwa pansi. Ndidajomba masiku atatu. Mayi sadandikalipire. Adatenga lumo, nasomola ulusi uja umodzi umodzi, n'kunena kuti mawa ndidzuke msanga.

Njala idabweranso mu 2002, ndili kale pantchito ku Blantyre, ndipo ndinkangotumiza ndalama. Koma namondwe wa Freddy atagwa mu Marichi 2023, n'kupha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kumwera, Thyolo ali momwemo, ndidalongedza zovala za ana anga m'matumba awiri ndi kupita nazo ndekha. Tchalitchi chija adachimanganso ndi njerwa zootcha, koma kachipinda kakuseri kadalipo. Amayi omwe ndidawapeza adali ena, ana a aja. Mmodzi adakhuthulira zovalazo pa mkeka n'kuyamba kutembenuza makolala, lumo lili m'manja. Ndidamufunsa kuti akufunanji.

“Maina, bambo,” adatero. “Timachotsa. Ndipo za m'mudzi muno timakapereka kutsidya kwa mtsinje, za kutsidya n'kubwera kuno.”

Ndidafunsa kuti adayamba liti kutero. Adati iye adazipeza choncho.